Usiku umene alamu anatenga njinga yanga

Moni nonse amene mwatsegula pulogalamuyi, kaya muli m'basi, kaya muli kukhitchini kwa madamu foni ili m'thumba la epuloni, kaya muli kumudzi mwachita kupempha bandulo kwa mnzanu. Ndine yemwe uja, ndikulankhula kuchokera ku Capricorn, kufupi ndi Muizenberg, kuno ku Cape Town. Mukamamva ngati wina akuwaza chimanga pamalata, musadabwe, ndi mvula. Kuno imagwa mu June ndi July, nthawi imene kwathu ku Ntcheu anthu akuotha moto wa zitsononkho, kunja kuli fumbi lokhalokha. Ndadzifunditsa bulangeti pamodzi ndi foni kuti mawu amveke, ndiye mundipirire.

Masabata apitawa takhala tikukamba za lendi, za matransipota, za mmene ungakanire ganyu yopanda malipiro osachotsedwa ntchito. Lero nkhani ndi ina. Ambiri mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinasiyira njinga yamoto, pomwe ndinanenapo ndekha kuti kuperekera zakudya kunkandipatsa ndalama yabwinoko kuposa ntchito ya m'gadeni imene ndikugwira pano. Ndimakuyankhani kuti msana. Limenelo ndi bodza. Msana wanga uli bwinobwino.

Maina sinditchula. Theka la nkhaniyi lili ndi mwini wake, ndipo wavomera kuti ndiikambe, koma anati dzina lake ndi la malemu zisamveke. Ndiye mnyamatayo ndizimutchula kuti alamu, poti ndi mmene ndinkamuitanira, mtsikanayo ndizingoti mlongo wake.

Tonse atatu tinakulira kufupi ndi Lizulu. Amene munadutsapo pa M1 mukupadziwa, pamsika paja pamene mbali iyi ya msewu ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, amayi atayala kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato mpaka m'mphepete mwa tala. Ine ndi alamu tinali kalasi imodzi kupulayimale. Mlongo wake anali m'mbuyo mwathu ndi zaka ziwiri, ndipo ankandidziwa ngati kamnyamata kakuba mapichesi kuseri kwa nyumba yawo. N'chifukwa chake kuyambira ali wamng'ono ankanditchula kuti iwe. Sanandipatsepo ulemu wa inu ngakhale tsiku limodzi. Mawu awiriwa muwasunge, tibwererakonso.

Chibwenzi chathu sindingakuuzeni tsiku limene chinayamba. Patchuthi iye ankathandiza mayi ake kugulitsa tomato, ine ndinkanyamula matumba a kachewere kukweza m'malole opita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndinkapezeka ndagula tomato tsiku lililonse, pomwe kwathu tinali ndi dimba lathu la tomato. Mchimwene wake ndi amene anayamba kuona. Tsiku lina akudutsa pa njinga yake ya kabaza anakuwa pakati pa msika kuti, "Alamu, tomatoyo mudzatsegula naye fakitale?" Apo n'kuti ndisanafunsire n'komwe. Dzina lija linakakamira, nanenso ndinayamba kumubwezera lomwelo.

Ndinanyamuka mu 2019. Pondiperekeza, mtsikana uja sanalire. Anangoti, "Iwe, ukakatchona ndidzakutsatira ndi mthiko." Ndinayamba ndi kutsuka mbale mu lesitilanti ina. Pa 27 March 2020 dziko lino linatsekedwa chifukwa cha Covid, lesitilanti inatseka, ndipo miyezi imeneyo sindikufuna kuikumbuka. Zinthu zitayamba kutseguka, anthu anali atazolowera kuitanitsa chakudya pa foni, ndiye anyamata ambiri tinathamangira ku njinga.

Ndifotokoze pang'ono mmene geniyi imayendera, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse chimene ndinachita. Kuti utsegule akaunti yoperekera zakudya pamafunika mapepala amene ambirife tilibe. Ndiye umabwereka akaunti ya munthu wina, n'kumamulipira pa sabata. Njinga nayo ndi ya eni, lendi yake pa sabata. Onjezerani mafuta ndi bandulo. Lolemba likamacha umakhala uli kale ndi ngongole usanagwire ndi randi imodzi yomwe. Nthawi ya ndalama ndi madzulo, makamaka Lachisanu, makamaka kumapeto kwa mwezi, ndipo koposa zonse kukagwa mvula, chifukwa amene ali ndi ndalama safuna kutuluka. Mvula imene ikukuopsani inuyo, kwa ife inali malipiro. Njinga yogona pakhomo Lachisanu madzulo kukugwa mvula, imeneyo ndi ndalama yotaya m'chimbudzi.

Kumayambiriro kwa 2022 ndinamuimbira alamu. Kabaza inali itavuta, njinga zachuluka, okwera ndi omwewo. Ndinati, "Bwerani alamu, inu njinga mumaidziwa kuposa ine." Thiransipoti ndinatumiza ndine. Mayi ake poyamba anakana, anati mwana wamwamuna wamkulu ndi yemweyo. Amene anawanyengerera ndi mlongo wake. Anati, "Amayi, sakupita kwa alendo, akakhala ndi mnzake." Anafika ndi kachikwama kamodzi ndi jumbo la ufa woyera. Tinkagona chipinda chimodzi, njinga imodzi, akaunti imodzi. Iye ankayenda masana, ine usiku, poti misewu ya ku Tokai, Wynberg ndi Claremont ndinali nditaizolowera ndipo usiku umafuna munthu wodziwa pokhota.

Vuto la shifiti ya usiku ndi lakuti imadya nthawi yokhayo imene munthu wa kumudzi angacheze nawe. Mtsikana uja anali atayamba kuphunzitsa, masana ali m'kalasi, madzulo ndi pamene amakwera pachulu chakuseri kwa nyumba kusaka netiweki. Ine nthawi imeneyo ndili pamsewu, bokosi kumsana. Akaimba ndinkati ndikuimbira, osaimba. Akalemba ndinkayankha pakati pa usiku iye atagona. Amene muli ndi chibwenzi kumudzi mukudziwa mmene mtima wa munthu umayambira kuwerenga: masiku atatu osaimba, ndiye kuti kuli wina. Kunalibe wina. Kunali ma oda basi. Koma kodi zimenezo ungazionetse bwanji pa foni?

Sabata ina mu July anandilembera mawu ochepa. "Lachisanu ukapanda kuimba, usadzaimbenso."

Amene munali kuno nthawi imeneyo mukukumbuka mmene magetsi ankazimira. Kumapeto kwa June 2022 tinafika pa stage 6, maola ambirimbiri mumdima, maloboti a pamsewu nawo ali zii. Pa loboti yozima lamulo limati aliyense aime kaye, adutse amene wayamba kufika. Masana anthu amayesetsa. Usiku, kukugwa mvula, magalasi achita nthunzi, kanyali ka njinga yamoto ndi kanthu kakang'ono kwambiri.

Lachisanu lija alamu anabwera cha m'ma 5 koloko atanyowa mpaka m'kati. Anali atayenda tsiku lonse. Anavula nsapato, anatenthetsa madzi, tinaphika, tinadya. Kenako ine ndikuyang'ana foni, ndikuyang'ana njinga, ndikuyang'ananso foni. Ndinati, "Alamu, simungandigwirireko maola awiri okha? Ndikapanda kuimba lero kwatha." Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ndiye kuti mlongo wanga yemwe akundigwiritsa ovataimu?" Jekete yake inali yonyowa, ndiye anavala yanga. Magolovesi anavala ake omwewo, onyowawo. Ndinamva njinga ikulira, ikutuluka pageti, ine n'kuti ndayamba kale kuimba.

Tinacheza kuposa ola. Ndikuuzeni zoona, kanali kucheza kokoma kuposa kwina kulikonse chichokereni kwathu. Tinayamba ndi kukangana, kenako kuseka, kenako kukamba za chinkhoswe, kuti mwina December, kuti ankhoswe anga adzakhala ndani, kuti iye safuna nsalu yofiira. Tili m'kati nambala yachilendo inalowa. Ndinadula. Inalowanso. Ndinadulanso, mumtima ndikuti anthu a ngongolewa alibe ulemu. Kachitatu ndinamuuza kuti dikira pang'ono.

Anali mnzathu wina wa ku Zimbabwe, wa njinga ngati ife. Atamva mawu anga anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Ndiwe? Nanga wagona pamsewu panoyu ndani?" Anaona njinga yanga, anaona jekete yanga, ndiye ankaimba kuti amve ngati foni ilire m'thumba la munthu wagonayo.

Panali pa loboti ina ya pa Prince George Drive. Za amene analakwa pamenepo sindikamba, sindinaone. Chimene ndinaona ndi bokosi la chakudya litatseguka, tchipisi zili mbwee m'madzi. Alamu sanafike m'mawa.

Uthenga wa maliro suuzidwa kwa mayi mwachindunji, mukudziwa. Ndinaimbira amalume awo. Ndinayamba ndi kuti wavulala kwambiri, iwo monga munthu wamkulu anamva zimene sindinanene. Atapuma anafunsa kuti, "Anali pa ntchito?" Ndinati, "Eya, anali pa ntchito." Onani mmene bodza limabadwira. Palibe liwu labodza m'yankho limenelo. Analidi pa ntchito. Koma inali ntchito yanga, pa ola langa, atavala jekete yanga. Ndinadziuza kuti ino si nthawi yake, ndidzanena maliro akatha.

Apa ndiime kaye ndithokoze anthu. Kutumiza thupi kumudzi kuchokera ku Cape Town si masewera. Pamafunika chikalata cha imfa, chikalata chosonyeza kuti thupi lakonzedwa, chilolezo cha a zaumoyo choti lituluke m'dziko, ndi kalata yochokera ku ofesi ya dziko lathu, imene ili ku Johannesburg ndi ku Pretoria, osati kuno. Ndalama yake ndi ma randi masauzande ambiri, ine ndinalibe ngakhale chigawo chake. Amalawi a ku Capricorn anatenga kope n'kumayenda khomo ndi khomo. Uyu R50, uyu R100, mayi wina amene sindinkamudziwa n'komwe anapereka R200 n'kunena kuti nayenso ali ndi mwana pa njinga. Anyamata a njinga a ku Zimbabwe ndi a ku Congo anasonkhanso. Maliro n'kulirana, mawu amenewa ndinawamvetsa kuno, osati kwathu. Koma aliyense akamandigwira paphewa kuti pepa m'bale, ine m'kati ndinkangoti mukanadziwa.

Bokosi linayenda pa trela. N1 yonse, Beaufort West, Bloemfontein, makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Johannesburg. Kuchoka apo Polokwane, Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowera pa Dedza. Njira yomweyo imene anabwerera miyezi yochepa m'mbuyomo atakhala pawindo, akunditumizira zithunzi za mlatho. Ine ndinaperekeza mpaka ku Johannesburg, ndinatsika, ndinabwerera.

Chifukwa chimene ndinapereka chinali pasipoti, ndipo aliyense anachimva. Mmalawi akalowa kuno amapatsidwa masiku 30. Ukapitiriza ndi masiku oposa 30, potuluka amakudinda kuti usalowenso kwa zaka 5. Anga anali atatha kalekale. Ndiye ndinati ndikapita sindibweranso, nanga banjali alithandiza ndani? Zomveka, eti? Koma lero ndanena kuti sindinama. Ngakhale pasipoti ikanakhala yoyera ngati ufa, sindikanapita. Ndinkaopa nkhope ya mtsikana uja. Ndinkaopa kuti akangondiyang'ana pasiwa paja, aona zonse.

Maliro ndinaonera pa WhatsApp, msuweni wawo atagwira foni. Amayi a Chigwirizano atavala zoyera akuimba, adzukulu atatsamira makasu, mphepo ya ku Lizulu ikuwomba mu sipika. Pa nthawi ya mawu, amalume anaimirira n'kunditchula dzina pamaso pa mudzi wonse. Anati pali mnyamata ku Joni amene wasonyeza kuti ubwenzi ndi chiyani, wasamala mnzake ali moyo, wamusamalanso atamwalira mpaka kumubweza kwawo. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ine ndili pabedi la malemu, ndaluma pilo. Bokosi likutsika, netiweki inathawa, chithunzi chinaima pa mwendo wa mdzukulu wina. Ndinakhala ndikuyang'ana mwendo umenewo mpaka foni inazima.

Patapita sabata, mtsikana uja anandiimbira. Mawu ake oyamba anali akuti, "Muli bwanji?" Muli. Munthu amene chibadwire sananditchulepo kuti inu. Ine kupusa kwanga ndinati mwina wakula ndi malirowa, mwina wayamba kundiona ngati bambo wa m'nyumba. Ndinakondwera nazo pang'ono, tangoganizani.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wotumiza ndalama. Njinga ndinabweza kwa mwini wake, sindinakwerenso. Ndinapeza ntchito ya m'gadeni ku Constantia, Loweruka ndi Lamlungu maganyu. Mwezi uliwonse ndalama kwa amayi: ya feteleza, ya malata a khitchini, fizi ya mng'ono wake wa malemu. Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ma randi omwewo anayamba kuoneka ngati phiri pa uthenga wa pa foni, ngakhale kuti mu golosale sankagula zambiri. Kumudzi mbiri yanga inakwera. Azimayi ankauza ana awo aakazi kuti mwamuna ndi uyo. Ine ndinkadziwa chimene ndikuchita. Chipepeso ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma kupepesa kwenikweni, kwa pakamwa, ndinkakuzemba. Ndinkaganiza kuti ndikatumiza zokwanira, tsiku lina ngongole idzatha yokha popanda wina kudziwa kuti inalipo.

Chibwenzi nacho chinkauma ngati chitsime cha mu October, pang'onopang'ono. Tinkaimbirana, inde. Muli bwanji, ndili bwino, amayi ali bwanji, ndalama yafika, zikomo. Mphindi zitatu. Lachisanu lokha sindinkaimba, ndipo iye sanafunsepo chifukwa chake. Dzina la mchimwene wake silinkatuluka pakamwa pa aliyense wa ife. Ndinkamukonda, musakayike. Koma ndikamva mawu ake ndinkamvanso njinga ikutuluka pageti. Zinthu ziwirizi zinamatana, sindinkatha kutenga chimodzi n'kusiya chinacho.

Pali mdala wina wa ku Nkhata Bay amene amasamala gadeni yoyandikana ndi yathu, mtchona weniweni, tsitsi lonse mbuu. Bambo ake anali a nthawi ya Wenela, ya migodi, ija Kamuzu anaiimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri akubwerera kumudzi. Tsiku lina tikudya buledi pampanda ndinamuuza theka la nkhaniyi, loti ndine ndinamuitana mnzangayo. Iye anangopukusa mutu. Anati, "Mwana wanga, kuno palibe anabwera osaitanidwa. Aliyense ali ndi womuitana, ndipo aliyense anaitanapo wina." Anafuna kunditonthoza, ndipo zinali zoona. Koma sizinandigwire, chifukwa theka linalo ndinalibisa ngakhale kwa iye. Ukabisa bala, mankhwala amapakidwa pamalo olakwika.

Mu December 2023, chaka ndi miyezi isanu chichitikireni ngoziyo, amalume anayamba kufunsa kuti nanga ankhoswe abwera liti. Ndinamuuza mtsikana uja kuti ndikufuna kutumiza anthu. Anakhala chete, kenako anati, "Musanatumize anthu, palibe chimene mukufuna kundiuza?"

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Mwina kutopa. Ndinanena zonse, kuyambira pa nsapato zonyowa mpaka pa nambala imene ndinadula kawiri iye ndi ine tikuseka. Ndikulankhula ndinkayembekezera kukuwa, kapena kudula foni. Iye anangoti, "Dikirani." Foni inaduka. Patapita mphindi imodzi kunalowa voice note yotumizidwa kuchokera kwina. Masekondi 11.

Anali mawu a alamu. Kumbuyo kukumveka mphepo ndi injini. "Mlongo, ndatuluka ine kuti inu mucheze. Musakanganenso, mwamva? Mudzandilipira nonse awiri."

Anaitumiza ali pageti, usiku womwe uja. Mlongo wake anaiona ikulowa tili pa foni, anaimvera titamaliza, anaseka. Ndiye kuti ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Amalume akunditamanda pamaliro, iye anali pomwepo, akudziwa. Ndalama zonse zija zikufika, akudziwa.

Ataimbanso mawu ake sankanjenjemera. Anati, "Ine ndi amene ndinati Lachisanu. Inu ndi amene munamutuma. Tinali awiri. Koma munandisiya ndisenze ndekha, inu n'kumanditumizira ndalama ngati ndine mwana wamasiye wa eni." Ine m'malo mokhala chete ndinayamba kudziteteza. Ndinati nanga iwe bwanji sunanene? Anati, "Ndikanayamba ine mukanati ndikukuimbani mlandu. Ndinkadikira kuti munene nokha, kuti nanenso ndipeze ponenera zanga. Usiku uliwonse ndimamvera mawu amenewa. Mukuganiza kuti ndikanamuuza ndani? Amayi?"

Apa ndi pamene ndinaona kukula kwa chimene ndinachita. Miyezi yonseyo ndinkadzinamiza kuti ndikumuteteza, kuti akadziwa adzadziimba mlandu. Chonsecho anali akudziimba kale mlandu, yekhayekha, m'nyumba imodzi ndi mayi wolira, ndipo munthu mmodzi yekha padziko lonse amene akanamumvetsa anali kalikiliki kuthamangira kokatumiza ndalama.

Musaganize kuti titaululirana zinthu zinakoma. Amene amakuuzani kuti ukangonena zoona mtima umapepuka nthawi yomweyo, mwina zoona zawo zinali zazing'ono. Tinakangana koopsa. Ananena mawu amene sindingawabwereze pano, nanenso ndinanena anga. Miyezi iwiri sitinalankhulane. Ndinatumiza ndalama mu January, anaibweza. Kubwezeredwa ndalama kumawawa kuposa kutukwanidwa, ndikuuzeni.

Amene anayambanso kuimba ndi iyeyo. Anati amayi ayenera kumva, ndipo amve kwa tonse awiri. Tinadzera kwa amalume monga mwa mwambo. Amalume sanandinyengerere. Anati ndinawachititsa manyazi, ndinawasiya aime pamaso pa mudzi kutamanda nkhani imene sankaidziwa mutu wake, ndipo za ankhoswe ziyambe zaima. Anati mlandu suola, ukanaunena tsiku lomwelo bwenzi pano tikukamba zina. Sindinayankhe, panalibe choyankha.

Tsiku lake linafika, Lamlungu masana atabwera kutchalitchi. Foni anaiika pampando, pa sipika. Ndinkamva nkhuku, ndinkamva mwana akulira kwa aneba. Ndinafotokoza. Mwana wawo anafotokoza zake, akulira koyamba chiyambireni zonsezi. Titamaliza kunali zii nthawi yaitali, mpaka ndinayang'ana ngati foni yaduka.

Kenako amayi anati, "Mwananga."

Ndinati, "Wawa, amayi."

"Anadya asanatuluke?"

Ndinali nditakonzekera mafunso onse, koma limeneli ayi. Ndinati, "Anadya, amayi. Nsima, kabichi, ndi usipa uja munatumiza pa transipota."

"Anakhuta?"

"Anadya mitanda itatu. Wachitatuwo unali wanga, anandilanda."

Ndinamva akupuma mozama. Anati, "Ndi yemweyo. Mwana ameneyo pa usipa analibe m'bale." Ndipo anaseka pang'ono, kuseka kosakanikirana ndi misozi. Chaka chonse ndi theka, chimene chinkawadya mayi aja usiku sichinali choti shifiti inali ya ndani. Ankaopa kuti mwana wawo anafa ndi njala m'dziko la eni.

Mawu akuti ndakukhululukira sanawanene, ndipo mpaka lero sanawanenepo. Chimene ananena pomaliza ndi ichi: "Chiliza cha mnzako sichinamangidwe. Ndalama yake usatumize. Udzabwere, udzanyamule njerwa ndi manja ako."

Ndiye ndi pamene ndaima, abale anga. Mukudziwa tanthauzo lake kwa munthu wa pasipoti ngati yanga. Ndikadutsa pa Beitbridge, chidindo cha zaka 5 chikundidikira. Ntchito ya ku Constantia ipita, chipinda chino chipita, mwina ndi pulogalamu ino muzidzaimvera kuchokera pachulu cha ku Lizulu. Anzanga ena akuti ndapenga, akuti tumiza simenti, mayiwo adzazolowera. Ena akundionetsa njira zachidule zimene sindizitchula pano. Ine ndayamba kusunga. Chikwama cha alamu chikadali pansi pa bedi, nsapato zake zili momwemo, ndidzapita nacho ndekha.

Za chibwenzi musandifunse, sindikudziwa. Sanandilonjeze kanthu. Anati chiliza chikatha tidzakhala pansi, tidzaone ngati chatsala ndi chikondi kapena ndi maliro chabe amene akutimanga pamodzi. Funso limenelo limandiopsa kuposa chidindo cha pa boda, chifukwa nanenso yankho lake ndilibe. Pulogalamu ino ndinamuuza zonse zimene ndikambe, anandichotsetsa chinthu chimodzi, ndachotsa.

Tinayambanso kuimbirana Lachisanu. Ndi iye anasankha tsikulo, anati tisamalithawe. Nthawi zina timakamba za alamu, za mmene ankaimbira nyimbo za kwaya molakwitsa mawu ali pa kabaza. Nthawi zina timangokhala chete bandulo n'kumatha. Lachisanu lapitali ndinafika mochedwa, mabasi anavuta ndi mvula, ndinaimba ndisanavule n'komwe nsapato. Tili m'kati mocheza za ana a m'kalasi mwake, anandidula pakamwa.

Anati, "Iwe, wadya?"

Ndinakhala kaye chete, kuti mwina ndamva molakwika. Ndinati ayi, sindinadye.

Anati, "Pita ukaphike, uimbenso ukakhuta."

Mvula yayamba kuchepa, ndipo bulangetili landitenthetsa mokwanira. Amene munafunsa za mitengo ya matransipota opita ku Lilongwe, ndayamba kufunsafunsa, poti pano ndikufunsiranso katundu wanga. Tidzakamba sabata ya mawa. Tsalani bwino.